Chipere, mauka ndi mutu wa crypto: bwanji mankhwala a fangasi amachedwa kugwira chonchi?

Anthu ambiri akamva za fangasi amaganiza za bowa wa ndiwo kapena chuku cha pa chimanga chosauma bwino, ndipo sakulakwitsa chifukwa ndi banja limodzi lomwelo, yisiti wa mandasi nayenso ali momwemo. Koma ife a pa windo la mankhwala fangasi timamuona mwa mtundu wina: mwana wa chipere m'mutu tsitsi litathothoka mozungulira, mayi wonong'ona za mauka kuti wa kumbuyo kwake pa mzere asamve, bambo wa zikhadabo zakuda zokhuthala, khanda loyera lilime, nde kumawodi uko kuli wodwala mutu wa crypto, fangasi wofika ku ubongo, amene gadiyani wake amabwera kudzatenga mankhwala maso ali psuu kusowa tulo. Onsewa funso lawo limakhala limodzi, akuti bwanji mankhwalawa sagwira msanga ngati a malungo? LA masiku 3 munthu wadzuka, awa mpakana miyezi?

Yankho lake ndi loti fangasi ndi wachibale wathu, olo zikumveka ngati nthabwala. Bakiteriya selo lake ndi losiyana kutali ndi la munthu, ali ndi chipupa chake chomwe ife tilibe, nde penicillin kapena amoxicillin amangopita kukagumula chimenecho ife osamva kanthu. Fangasi ayi, selo lake limafanana kwambiri ndi lathu, kapangidwe ka mapuloteni, kagawikanidwe kake, mpaka asayansi amati fangasi ali pafupi ndi nyama kuposa mmene alili ndi zomera. Amene munapalirapo mpunga mukudziwa kuti pali udzu wina umafanana ndi mpunga ukadali waung'ono, ukapupuluma umazula mbewu yako yomwe, nde opanga mankhwala a fangasi mutu umawapweteka pomwepo, apeze chinthu chopha fangasiyo koma chosavulaza mwini thupi. Malo oti angamenyepo ndi ochepa, n'chifukwa chake maantibayotiki alipo mitundu yambirimbiri pomwe mankhwala a fangasi wolowa mkati mwa thupi magulu ake akuluakulu ndi 4 okha basi. Ndipo amoxicillin amene anthu amagula pa golosale kuti amwetse mwana wa chipere sagwira olo pang'ono, chomwe amachita ndi kupha mabakiteriya abwino amene amapanikiza fangasi wotchedwa Candida, kenako mauka kapena zoyera za m'kamwa nkuyambapo.

Ambiri mwa mankhwalawa amalimbana ndi kanthu kotchedwa ergosterol. Selo lililonse lili ndi kachikopa kopyapyala kolikuta, ndipo kuti kachikopako kakhale bwinobwino pamafunika mafuta enaake, kwa ife ndi cholesterol yemwe uja timamunena pa nkhani za mtima, kwa fangasi ndi ergosterol. Awiriwa amafanana koma si amodzi, ndipo kampata kakang'ono kameneka ndi komwe madokotala akhala akudalira kwa zaka zoposa 60. Mankhwala ena amaletsa fangasi kupanga ergosterol, ena amakakamira pa ergosterol amene alipo kale nkuboola selolo.

Oletsa kupanga aja gulu lake lalikulu ndi la ma azole, mayina ake onse amathera chimodzimodzi: clotrimazole, miconazole, ketoconazole, fluconazole, itraconazole. Amatseka enzayimu imodzi imene fangasi amagwiritsa ntchito posandutsa mafuta ena otchedwa lanosterol kukhala ergosterol, nde kachikopa kaja kamayamba kufooka, fangasi amasiya kuchulukana. Mawu oti amasiya kuchulukana muwagwire bwino, chifukwa fluconazole nthawi zambiri samupheratu fangasi, amangomuimitsa, ntchito yomaliza amaisiyira chitetezo cha m'thupi, ndiye munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri mukuona kale pomwe pali vuto.

Vuto lina ndi loti enzayimu ya fangasi ija ili ndi abale ake m'chiwindi mwathu, gulu lotchedwa cytochrome P450, omwe ntchito yawo ndi kugaya mankhwala ena onse amene timamwa. Azole akalowa amagwirako na awa, nde mankhwala ena amachedwa kuchoka m'magazi, amaunjikana. Munthu wa warfarin, mankhwala osungunula magazi, akamwa fluconazole magazi amatha kusungunuka mopitirira mpaka kutuluka m'nkhama, ndipo olo kajelo ka miconazole kopaka m'kamwa kamachita zomwezo. Wa shuga amene ali pa glibenclamide shuga imatha kutsikiratu, wa khunyu amene ali pa phenytoin amayamba kudzandira ngati waledzera. Palinso zotembenuka, rifampicin wa TB amachangamutsa chiwindi kuti chizigaya msanga, nde fluconazole amatsika m'magazi, itraconazole ndiye amatsala pang'ono kusowerathu. Tikamakufunsani pa windo kuti mukumwanso mankhwala anji sikuti tikufuna miseche ayi, ndi zimenezi.

Ketoconazole womwa nkhani yake ndi yomvetsa chisoni pang'ono. Atabwera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anthu anasangalala kuti tsopano pali azole womeza, koma anapezeka kuti amawononga chiwindi mwa ena, komanso amatsekereza thupi kupanga mahomoni a testosterone ndi cortisol mpaka azibambo ena mabere kumatupa. Mu 2013 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linanena kuti mapilisi ake asamaperekedwenso pa matenda a fangasi. Wa shampu ndi wa kirimu alibe vuto limeneli poti salowa kwenikweni m'magazi. Chinthu china chomwe chimandiseketsa mpaka pano, ketoconazole ndi makapisozi a itraconazole amafuna asidi wa m'mimba kuti asungunuke, moti munthu amene ali pa omeprazole kapena mankhwala ena a chilungulira samupindulira bwino, ndipo ofufuza anapeza kuti kumwera Coca-Cola kumathandiza kuti alowe m'magazi. Zoona, Coca-Cola yemweyu.

Fluconazole ndiye mwana wokondedwa, ndipo chifukwa chilipo. Anapangidwa ndi asayansi a Pfizer ku Sandwich ku England, anafika pa msika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ukameza pafupifupi yense amalowa m'magazi, wadya kapena sunadye zilibe kanthu, amakhalitsa moti pamatenga maola pafupifupi 30 kuti theka lake lichoke, amafika mpaka m'madzi a mu ubongo komwe mankhwala ambiri safika, kenako amatuluka ndi mkodzo. Kukhalitsa kumeneku ndi kumene kumapangitsa kuti kapisozi mmodzi wa 150 mg akwanire pa mauka wamba. Koma kuphweka komweku ndi kumene kwatiwononga, mzimayi aliyense akamva kuyabwa mnzake amangomuuza kuti kagule kamodzi kaja, chonsecho si kuyabwa kulikonse kumene kuli kwa Candida. Kwina ndi trichomonas kapena mabakiteriya, zomwe zimafuna metronidazole, Flagyl uja, ndipo fluconazole pamenepo ungamwe mwezi wonse palibe chingasinthe. Mauka akamabwerabwera pafupipafupi bola kukayezetsa shuga ndi HIV kusiyana ndi kumangogula mwezi ndi mwezi. Ndipo kwa oyembekezera timakonda kupereka clotrimazole woika kumusi kwa masiku angapo, fluconazole wambiri miyezi yoyambirira ya pakati amatha kusokoneza mwana. Zoika kumusizi nazo zina zimafewetsa kondomu, izi sitinena kawirikawiri koma n'zoona.

Tsopano chipere cha m'mutu, apa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa makolo amavutika nacho zedi. Fangasi wa chipere amadya keratin, chinthu cholimba chimene chimapanga tsitsi, zikhadabo ndi khungu la pamwamba. Chikakhala pa mkono kapena pa tsaya, kirimu wa clotrimazole kapena mafuta a Whitfield aja a benzoic acid ndi salicylic acid amatha kuchithetsa bola kupaka kawiri pa tsiku milungu ingapo ndi kupitiriza olo chitaoneka kuti chazilala. Koma m'mutu fangasi amalowa mkati mwa tsitsi lenilenilo mpaka ku muzu, komwe chopaka sichifika. Mungapake kirimu, adyo, mankhwala otsukira mano, ena mpaka mafuta a mabuleki a galimoto omwe amangomuwotcha mwana khungu, fangasi ali phee mkati. Pamafunika omeza.

Womeza wake amene timamudziwa tonse ndi griseofulvin, nkhalamba ya mankhwala, anapezeka mu 1939 kuchokera ku chuku cha mtundu wa Penicillium koma anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1958. Iyeyu salimbana ndi ergosterol, amasokoneza timitsitsi ta mkati mwa selo timene timakoka ma chromosome selo likamagawikana, nde fangasi amalephera kuswana. Koma chosangalatsa ndi mmene amafikira pamalopo. Amachoka m'magazi nkukakhala m'maselo amene akupanga keratin watsopano, ndiye tsitsi limene likumera kuyambira tsiku limenelo limatuluka lili ndi mankhwala kale, fangasi sangalilowe. Lakale lodwala lija silichira ayi, limangokankhidwa kupita kunja mpaka lithothoke kapena limetedwe. Ndiye liwiro la kuchira ndi liwiro la kumera kwa tsitsi, palibe dokotala angalifulumizitse, milungu 6 mpaka 8 mwana akumwa tsiku ndi tsiku. Mayi akasiya pa sabata yachiwiri poti mutu wayamba kuoneka bwino, chipere chimabwerera, nkumati mankhwala a ku chipatala ndi ofooka.

Ndipo griseofulvin sasungunuka m'madzi, amafuna mafuta. Kumwera tiyi wopanda mkaka m'mimba muli gwa, gawo lalikulu limangodutsa. Ine ndimawauza amayi kuti mwana amwe akangodya phala la nsinjiro, kapena chiponde, peyala, mkaka, olo ndiwo zokazingira, ndipo ndimaona nkhope zikudabwa chifukwa palibe anawauzapo. Kwa akuluakulu pali zina zoti mudziwe: amafooketsa mapilisi olera, woyembekezera sayenera kumwa, bambo amalangizidwa kuti asapereke pakati mpaka miyezi 6 atamaliza, ndipo ndi mowa sagwirizana. Pa mauka kapena zoyera za m'kamwa sagwira n'komwe, Candida samumva. Komanso mwana angamwe bwinobwino koma ngati akubwerera ku mashini ometera omwe aja osapukuta, chipeso chimodzi nyumba yonse, chipewa chobwerekana, mphaka wothothoka ubweya ali pa mphasa pomwepo, mudzatopa.

Terbinafine ndi watsopanoko, amatseka enzayimu ina ya koyambirira pa njira yomweyo yopangira ergosterol, ndipo squalene, chinthu chopangira ergosterol, amaunjikana mkati mpaka fangasi kufa. Pa zikhadabo ndi amene amagwira bwino, milungu 6 za m'manja, 12 za kumapazi, koma chikhadabo cha chala chachikulu kuti chioneke chatsopano chonse mudikire chaka kapena kuposerapo, nkhani yake ndi yomwe ija ya kumera.

Chimene chimandikwiyitsa ine ndi makirimu ophatikiza aja, mumtsuko umodzi muli wa fangasi, antibayotiki ndi steroid wamphamvu ngati betamethasone kapena clobetasol, amene amagulitsidwa paliponse ndipo ena amadzola kuti ayere. Steroid amazimitsa kuyabwa ndi kufiira masiku awiri okha, munthu nkumati awa nde mankhwala, chonsecho wagonetsa chitetezo cha pakhungu ndipo fangasi akufalikira mwakachetechete, m'mphepete mwake mozungulira muja mumasowa moti olo kiliniko amavutika kuzindikira kuti ndi chipere. Ukasiya kudzola chimabuka chachikulu kuposa poyamba, khungu litapyapyala, mitsempha ikuonekera. Ku India makirimu otere anafala kwambiri ndipo kumeneko ndi kumene kunabuka fangasi wa chipere wosamva terbinafine, Trichophyton indotineae, amene pano wapezeka kale ku Ulaya ndi ku America. Ine kirimu wotere sindingamupatse m'bale wanga kuti apake chipere.

Zoyera za m'kamwa mwa makanda ambiri tinakula tikuona GV, kamwa lonse papo, malaya a mayi papo. Pano kwambiri ndi nystatin wa madzi. Anamupeza azimayi awiri, Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown, ku New York mu 1950, kuchokera mu dothi la pa famu ina ku Virginia, ndipo ndalama zomwe zinabwera chifukwa cha mankhwalawa sanadye okha, anazipereka kuti zithandize kafukufuku. Nystatin salowa m'magazi ukameza, amagwira pokhapo pamene wakhudza, ndiye kumuthira kukhosi mwana nkumeza nthawi yomweyo n'kutaya, afunika akhale m'kamwa, apakidwe m'masaya ndi pa lilime mwana atatha kuyamwa. Munthu wamkulu zoyera zikatsikira kum'mero mpaka kumeza kumapweteka, pamenepo nystatin wachepa, pafunika fluconazole komanso kuyezetsa magazi.

Mkulu wake wa nystatin ndi amphotericin B, ndipo apa tafika pa crypto. Fangasi wake, Cryptococcus, amapezeka mu dothi, mu zitosi za nkhunda, m'mitengo yowola, ofufuza anamupezanso m'mitengo ya tsanya kuno kummwera kwa Africa. Tonse timamupuma, koma amene ali ndi HIV ndipo CD4 yake, maselo a chitetezo aja, yatsika kwambiri, makamaka pansi pa 100, amatha kumufikira ku ubongo. Mutu wosamva panado milungu, kusanza, khosi kuuma, maso kuona ziwiriziwiri, kenako kusokonezeka, achibale nkuyamba kuganiza za kulodzedwa. Chiwerengero cha mu 2020 chinaonetsa kuti anthu pafupifupi 112,000 anamwalira ndi crypto chaka chimenecho pa dziko lonse, ambiri mwa iwo kuno ku Africa.

Amphotericin anachokera mu dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Orinoco ku Venezuela m'zaka za m'ma 1950. Iyeyu sanyengerera, amakakamira pa ergosterol, amaboola kachikopa, potassium wa mkati amatayika, fangasi amafa. Koma paja ndanena kuti ergosterol ndi cholesterol amafanana, nde amagwirako na maselo athu makamaka a impso. Amene munakhalapo gadiyani mukuikumbuka diripi yachikasu ija, imayenda maola 4, wodwala akuyamba kunjenjemera bedi lonse kugwedera, thupi kutentha, mtsempha wa pa mkono kutupa ndi kuuma mpaka anesi kusowa pobaya. Impso zimafooka, potassium ndi magnesium amatsika mpaka mtima ungasokonezeke, magazi amachepa. N'chifukwa chake asanaike amayamba athira lita ya madzi a mchere okhala ndi potassium, ndipo magazi amayenera kuyezedwa pafupipafupi. Mankhwala enieniwo samasungunulidwa m'madzi a mcherewo ayi, amagwirana timibulu, amafuna madzi a shuga a dextrose 5%. Chipatala chopanda labu yodalirika milungu iwiri ya mankhwala amenewa ndi chinthu choopsa, nde kwa zaka zambiri kuno odwala ankangopatsidwa fluconazole yekha, ndipo kafukufuku wa ku Queens ku Blantyre anaonetsa kuti oposa theka amakhala atamwalira pofika masabata 10. Paja fluconazole amangoimitsa, nde womaliza ntchito palibe.

Olo fluconazole yemweyo sanabwere mophweka. Mu 2000 mtengo wake ku South Africa unali woti wodwala wamba sangaufike, Zackie Achmat wa Treatment Action Campaign, bungwe lomenyera ufulu wa anthu omwe ali ndi HIV, anapita ku Thailand nkukagula wotchipa wa kampani ina nkulowa naye m'dzikomo poyera, akudziwa kuti akuphwanya lamulo la patenti loteteza kampani mwini mankhwala. Chaka chomwecho Pfizer inalengeza pulogalamu yopereka Diflucan, fluconazole wawo, mwaulere ku zipatala za boma kumeneko, kenako inafalikira ku mayiko ena.

Chimene chinasintha zinthu ndi flucytosine, mankhwala amene anapangidwa mu 1957 poganiza kuti akhala a khansa koma sanagwire. Kachitidwe kake ndi kochenjera, iye payekha alibe ululu, koma fangasi akamumeza ali ndi enzayimu yomwe maselo athu alibe, imene imamusandutsa 5-fluorouracil, poizoni amene amaimitsa kupanga DNA, ndiye fangasi amadzipangira yekha chomupha. Kuipa kwake, ukamupereka yekha fangasi amamuzolowera msanga, amamwedwa kanayi pa tsiku usiku womwe, ndipo impso zikafooka amaunjikana nkutsitsa maselo a magazi. Kafukufuku wa ACTA amene anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anaonetsa kuti sabata imodzi yokha ya amphotericin pamodzi ndi flucytosine inapulumutsa anthu ambiri kuposa milungu iwiri ija. Kenako kunabwera AMBITION, ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuno Queens ndi Kamuzu Central anali momwemo. Iwo anayesa amphotericin wokutidwa m'timipira ta mafuta, liposomal, amene savutitsa impso kwambiri chifukwa mankhwala amakhala otsekeredwa mpaka akafike pa fangasi, nde ukhoza kupereka wambiri kamodzi n'kamodzi. Diripi imodzi yokha ya 10 mg pa kilogalamu, kenako masiku 14 a flucytosine ndi fluconazole. Omwalira pa masabata 10 anali pafupifupi 25 pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi 29 pa njira ya sabata imodzi ija, ndipo mavuto a impso ndi kuchepa magazi anali ochepa. WHO inaitenga njira imeneyi mu 2022. Kuti muone kukula kwake, munthu wa makilo 50 ndi timabotolo 10 ta 50 mg pa diripi imodziyo, mapilisi 10 a flucytosine pa tsiku, kuphatikizapo makapisozi 6 a fluconazole, munthu woti akusanza. Ndipo 25 pa 100 akadali anthu ambiri, tisanamizane.

Ena mwa amenewa sawapha mankhwala kuchepa mphamvu, koma madzi a mu ubongo kuchuluka. Fangasiyu amatseka njira yomwe madziwo amatulukira, mutu umathina mkati, ndipo palibe pilisi lotsitsa zimenezi, njira yake ndi kuchotsa madzi a pamsana, nthawi zina kangapo. Ndikudziwa mmene anthu amaopera, amati uje anamuchotsa madzi a pamsana mawa lake anamwalira, koma nthawi zambiri amene amafika pochotsedwa amakhala atadwalika kale, ndipo ndaonapo munthu amene amabuula usiku wonse atakhala tsonga nkupempha phala atangomuchotsa. Chinanso chodabwitsa achibale, ma ARV sayambidwa nthawi yomweyo, amadikira milungu 4 mpaka 6, chifukwa chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi fangasi akadali wambiri mu ubongo kutupa kwake kumapha.

Mwina wina afunsa kuti nanga kulibe atsopano? Alipo, ma echinocandin ngati caspofungin amene anabwera mu 2001, amagumula chipupa chimene fangasi nayenso ali nacho koma ife tilibiretu nde savuta kwambiri m'thupi, koma ndi a diripi okhaokha, ndi odula, ndipo pa crypto sagwira. Amathandiza pa Candida wolowa m'magazi, monga Candida auris amene wavutitsa zipatala za ku South Africa ndipo fluconazole samumva. Palinso Pneumocystis wa chibayo, fangasi wopanda ergosterol, moti azole ndi amphotericin samukhudza, amene amamugwira ndi Bactrim yemweyu amene anthu amalandira limodzi ndi ma ARV nkumamuona ngati wongowonjezera.

Wa crypto akatuluka m'chipatala ulendo ndi fluconazole sunathe, 800 mg tsiku lililonse kwa masabata 8, kenako 200 mg tsiku lililonse kosachepera chaka, ndipo amene amanena kuti basi siyani ndi a ku kiliniki akaona CD4 ndi viral load, osati mutu ukasiya kupweteka. Akakhala kuti ali pa mankhwala a TB anene, chifukwa cha rifampicin uja mlingo umafunika kuuonanso.